Masters yosakaniza maphunziro kuno ku Joni: muyambire pati?

Funsoli lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Rosettenville. Ali ndi digiri ya Environmental Health yomwe anatenga ku Poly, ndipo akufuna kuchita Masters ku yunivesite ya Wits kapena ya UJ (University of Johannesburg) pa nkhani ya madzi ndi kolera m'malokeshoni a ku Blantyre. Mtima wawo uli pa kuphatikiza zaumoyo, zachuma ndi za chikhalidwe cha anthu m'kafukufuku mmodzi. Anzawo awauza kuti "zosakanizazo sizilembetsa ntchito". Akufunsa ngati ndi zoona, komanso kuti ayambire pati.

Achemwali, anzanuwo sanalakwitse kotheratu, koma vuto aliika polakwika. Kusakaniza maphunziro n'kofunika, ndipo nkhani mwasankhayi ndi umboni wake. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Marichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, n'kupha anthu oposa 1,700, sanali nkhani ya madokotala okha. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera mu mtsinje wa Shire ku Walker's Ferry kukwera chitunda, choncho magetsi akavuta, mipopi imauma. Injiniya amaona mapampu ndi mapaipi. Wazachuma amaona mtengo wa ndowa ya malita 20 pa kiyosiki ndi ndalama zimene banja lapeza tsikulo. Wazaumoyo amawerenga odwala. Wofufuza za chikhalidwe amafunsa kuti amatunga madzi ndani, amasunga m'chiyani, nanga pamaliro anthu amasamba m'manja motani. Aliyense wa anthuwa akagwira yekha, amabwera ndi yankho loperewera.

Koma amene amasakaniza zonsezi ndi gulu la ofufuza, lokhala ndi ndalama komanso zaka zingapo. Inu mudzalembetsa m'dipatimenti imodzi, ndipo pepala lanu lidzachongedwa ndi anthu amene anakulira m'phunziro limodzi. Masters ya kuno ndi makirediti 180, ndipo kirediti imodzi imawerengedwa ngati maola 10 a ntchito, kutanthauza maola 1,800 onse pamodzi. Mukatenga ya coursework, gawo la kafukufuku limakhala makirediti 60 kapena kuposerapo pang'ono, mwina kufika theka. M'maola amenewo simungakhale katswiri wa zinthu zitatu. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukhale ndi kwanu, ndiko kuti njira imodzi yofufuzira imene mukuidziwa mpaka pansi, ndipo kwinako muzingobwereka chinthu chimodzi chodziwika bwino. Kwa inu, kwanu ndi kuyeza madzi ndi kulondola matenda. Zachumazo ndi za chikhalidwezo zilowe ngati zothandiza kufotokoza zimene mwayeza.

"Madzi, umphawi ndi kolera ku Blantyre" ndi mutu wa msonkhano wa kuhotela, si funso la kafukufuku. Funso loti munthu n'kulimaliza lingakhale lotere: kodi madzi amasintha bwanji kuchokera pa mpopi wa kiyosiki kukafika m'ndowa ya m'nyumba ku Ndirande kapena ku Bangwe, ndipo mabanja amatunga kuti masiku amene kiyosiki yauma? Mbali yoyamba ndi ya labotale, yachiwiri ndi yocheza ndi anthu, ndipo zonse zikukumana pa banja limodzimodzi.

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene mapulani ambiri okoma papepala amagwera.

Muyezo wa WHO ndi woti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli (kachilombo kosonyeza kuti madzi adetsedwa ndi chimbudzi) ngakhale mmodzi, ndipo muyezo wa kuno wa SANS 241 umanenanso chimodzimodzi. Madzi oyeza amatungidwa m'mabotolo opanda tizilombo, ndipo ngati ndi a pampopi othira klorini, m'botolomo mumayenera kukhala sodium thiosulphate kuti klorini asapitirize kupha tizilombo panjira. Mukaiwala zimenezi, zotsatira zidzaoneka zoyera kuposa mmene madziwo alili. Mabotolo amasungidwa m'bokosi lozizira, n'kufika ku labotale m'maola 6, ndipo akapitirira maola 24 zotsatira zake n'zosadalirika. Klorini wotsala m'madzi amayezedwa pompo pampopi, ndipo chimene mukuyembekezera ndi pakati pa 0.2 ndi 0.5 mg pa lita. Izi zikutanthauza kuti labotale yanu singakhale ku Braamfontein kumene kuli Wits. Iyenera kukhala ku Blantyre komweko, ndipo mufunika munthu wa ku MUBAS (Poly yakale) kapena ku KUHeS (yunivesite ya zaumoyo) amene wavomera ndi kalata kuti akuthandizani, makamaka ngati supavaiza wachiwiri. Lonjezo la pa WhatsApp komiti yoona za proposal silingalilandire.

Chiwerengero cha mabanja nacho chimapusitsa. Nambala ya 384 imene ophunzira ambiri amangokopera imatuluka mukafuna chitsimikizo cha 95 peresenti, kulakwitsa kosaposa 5 peresenti mbali iliyonse, pa anthu osankhidwa mwachisawawa m'dera lonse. Inu simudzasankha motero. Mudzasankha makiyosiki angapo kenako mabanja ozungulira, ndipo mabanja otunga pamodzi amafanana, choncho nambalayo imayenera kuchulukitsidwa ndi 1.5 kapena 2. Mwafika pa mabanja pafupifupi 600 mpaka 770, aliyense ndi mabotolo ake. Wophunzira wodzilipirira sangakwanitse. N'kwabwino kusalonjeza zoyankhulira mzinda wonse. Tengani mabanja makumi angapo, muyeze pampopi ndi m'ndowa tsiku limodzi, mubwereze kangapo, ndipo munene poyera kuti mukufufuza kusintha kwa madzi, osati kuchuluka kwa vutoli mu Blantyre yense.

Ocheza ndi anthu nawo amaderera ntchito yolemba. Ola limodzi la mawu ojambulidwa limadya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti lilembedwe, musanayambe kumasulira m'Chingerezi. Kucheza ndi anthu 20 ndi ntchito ya maola pafupifupi 100 a pakompyuta, kumasulira kusanalowepo.

Chimene chimaphwanya kwambiri kafukufuku wosakaniza n'chakuti phunziro lililonse limawerenga chinthu chake. Wa labotale amawerenga mabotolo, wazachuma mabanja, chipatala odwala, ndipo m'kaundula wa unduna wa zaumoyo wa DHIS2 manambala amabwera molingana ndi chipatala chimene wodwala anathandizidwa, osati kwenikweni kumene amagona. Munthu wa ku Mbayani akagonekedwa kutali ndi kwawo, mapu anu amaloza malo olakwika. Ngakhale banja lenilenilo muyenera kuligamula musanapite kumunda. Makafukufuku a NSO, ofesi ya boma ya kalembera, amayang'ana anthu ogona pamodzi ndi kudya za m'mphika umodzi. Nanga bambo amene ali kuno ku Joni, amene ndalama zake za pa Mukuru ndi zimene zimagula madzi a mwezi wonse, ali m'banjamo kapena ayi? Mukamusiya kunja, banjalo lioneka losauka kuposa mmene lilili. Mukamulowetsa, chiwerengero cha malita pa munthu mmodzi chisokonekera. Gamulani kamodzi, mulembe m'proposal, ndipo onse okuthandizani atsate chimodzimodzi. Komanso banja lililonse lipatsidwe nambala imodzi imene izilembedwa pa botolo, pa fomu ya mafunso ya mu pulogalamu ya KoboToolbox ndi pa malo a GPS. Labotale ikalemba mabotolo mwa njira yake inu muli ndi manambala anuanu, mudzakhala ndi milu iwiri ya zinthu zosalumikizika, ndipo zimenezi sizikonzeka kumunda mutachokako.

Tsopano za malo. Kwa munthu wa mbiri ngati yanu, khomo loyamba kugogoda ndi School of Public Health ya Wits ku Parktown. Development Studies iliko ku Wits komanso ku UJ ku Auckland Park, kumene ili m'dipatimenti imodzi ndi Anthropology, koma dziwani kuti kumeneko adzafuna kuti muwerenge mabuku ambiri a nthanthi za chitukuko, ndipo labotale sadzaiona ngati pamtima pa ntchito yanu. Palinso malo ofufuzira amene ntchito yawo ndi yosakaniza kale: Centre for Social Development in Africa ku UJ, African Centre for Migration & Society ndi Southern Centre for Inequality Studies ku Wits, komanso Gauteng City-Region Observatory, imene mayunivesite awiriwa amayendetsa limodzi ndi boma la Gauteng. Malo oterewa ndi abwino chifukwa mumakhala pakati pa anthu a maphunziro osiyana tsiku ndi tsiku, koma funsani kuti digiriyo idzatuluka m'dipatimenti iti, poti malamulo ochongera amachokera kumeneko.

Ganiziraninso ngati funso lanu silingafufuzidwe konkuno. Anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei ku Alexandra ali ndi mavuto a madzi ndi zimbudzi ofanana ndi a kwathu. Moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, umene unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi, unaonetsa mmene nkhani za nyumba, malamulo, zaumoyo ndi za anthu obwera zimalukanirana m'kati mwa mzinda uno. Kufufuza konkuno kumachotsa ndalama za basi ndi chilolezo chachiwiri chofufuzira cha ku Malawi, ndipo kudziwa kwanu Chichewa kumasanduka chida chimene ofufuza ambiri alibe.

Supavaiza ndi wofunika kuposa dzina la kosi. Werengani zimene munthuyo wasindikiza zaka zitatu kapena zisanu zapitazi, muone ngati njira yanu yofufuzira amaigwiritsadi ntchito. Mulembereni imelo yaifupi, muikepo masamba awiri ofotokoza funso, njira, malo ndi ndalama, pamodzi ndi transcript. Akayankha, musachite manyazi kufunsa kuti ali ndi ophunzira angati pakalipano ndipo amabweza mitu itachongedwa patapita masabata angati. Mukakhala ndi masupavaiza awiri a maphunziro osiyana, pakhale wamkulu mmodzi wodziwika, ndipo muzikumana nonse atatu pamodzi, osati aliyense payekha. Kupanda kutero wina azikuuzani kuti onjezerani manambala, wina kuti chepetsani manambala muonjezere mawu a anthu, ndipo mutu umodzi muulemba kasanu. Pakatha msonkhano uliwonse lembani zimene mwagwirizana muwatumizire onse awiri tsiku lomwelo. Mukalowa m'pulojekiti yokhala ndi ndalama zake, funsani kumayambiriro kuti zimene mudzatolere ndi za yani, gawo lanu lenileni ndi liti, ndipo dzina la ndani lidzakhala patsogolo pa nkhani yosindikizidwa.

Mapepala ayambeni lero, funso lisanakhwime n'komwe. Choyamba ndi SAQA, bungwe limene limaunika digiri yakunja n'kunena kuti ikufanana ndi mulingo uti wa NQF, ndondomeko ya milingo ya maphunziro ya kuno. Digiri yoyamba ya zaka zitatu ya kuno ndi mulingo 7, Honours ndi Postgraduate Diploma ndi 8, Masters ndi 9, PhD ndi 10. Digiri yathu ya zaka zinayi ikhoza kuikidwa pa 7, popeza timalowa ku yunivesite kuchokera pa MSCE. Zikatero mudzauzidwa kuti muyambe mwachita Honours kapena diploma ya chaka chimodzi ya makirediti 120. Ambiri amapsa mtima nazo, koma kwa munthu amene akufuna kubwereka phunziro lina, chaka chimenecho si chotayika. Ndi m'mene mungaphunzirire masitatisitikisi kapena njira zochezera ndi anthu, ndipo ndi m'mene masupavaiza amakudziwirani. Madipatimenti ambiri amafuna malikisi a 65 peresenti pa Honours kuti akutengeni ku Masters.

SAQA imatsimikiza pepala lanu ndi sukulu imene inakupatsani, ndipo apa ndi pamene nthawi imathera. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa: Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinasanduka KUHeS, Chancellor College n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Ngati munamaliza chisanafike chaka chimenecho, satifiketi yanu ili ndi dzina la University of Malawi pomwe sukulu yanu lero ili ndi dzina lina. Fufuzani ofesi imene ikusunga fayilo yanu, mukhale ndi wachibale ku Blantyre woti akhoza kupitako ndi miyendo, ndipo dzina la pa satifiketi lifanane ndi la pa pasipoti. Ngati munasintha dzina pokwatiwa, konzeranitu chikalata chotsimikiza. Madeti otsekera mafomu a chaka chotsatira amagwa kwambiri pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, ndipo makalasi amayamba mu Febuluwale.

Simunanene kuti muli pa chiphaso chanji. Amalawi timalowa muno ndi masiku 30 a mlendo, ndipo kuchokera mu 2014 lamulo silimalola kusintha kuchoka pa chiphaso cha mlendo kupita pa study visa muli m'dziko muno, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Muyenera kukapempha muli kumudzi, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Amafuna kalata yokulandirani ku yunivesite, umboni wa ndalama, kalata ya kupolisi, ya dokotala, ndi medical aid yolembetsedwa ku Council for Medical Schemes ya kuno. Inshuwalansi ya kumudzi kapena ya paulendo salandira. Study visa imalola kugwira ntchito maola osaposa 20 pa sabata, choncho ngati mukudalira malipiro a ntchito ya tsiku lonse, werengerani bwino. Ngati masiku anu anatha kale, dziwani kuti potuluka munthu amaletsedwa kubwerera kwa chaka chimodzi akapitiriza masiku osaposa 30, ndi zaka zisanu akapitirira apo. Zikakhala choncho kaonaneni ndi a Wits Law Clinic kapena Lawyers for Human Rights musanalipire chilichonse, ndipo osapereka ndalama kwa munthu wolonjeza kukukonzerani chidindo. Ngati muli ndi chiphaso cha ntchito, International Office ya yunivesiteyo ndi imene ingakuuzeni zoyenera kuti muziphunzira mukugwira ntchito.

Pa ndalama, pangano la SADC la zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, ndi limene limachititsa kuti ife tizilipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kungoonjezera ndalama ina ya ophunzira akunja. Chovuta n'chakuti wakunja amauzidwa kulipira gawo lalikulu la fizi ya chaka asanalembetse. Thandizo la NRF, bungwe la boma la kuno lolipirira kafukufuku, lilipo koma khomo lake n'lopapatiza: malamulo amene anayamba mu 2021 amapereka 95 peresenti kwa nzika ndi okhazikika muno, 5 peresenti yokha kwa akunja onse, ndipo zaka zakubadwa siziyenera kupitirira 30 pa Masters ndi 32 pa PhD. Mandela Rhodes imatenga a m'maiko onse a mu Africa osafika zaka 30. Canon Collins ndi Beit Trust zimathandiza Amalawi pa maphunziro a pamwambawa. Pulogalamu ya CARTA, imene Wits imatsogolera pamodzi ndi bungwe la kafukufuku la APHRC la ku Nairobi, ndi ya PhD ndipo imatenga ogwira ntchito m'mayunivesite amene ali m'gululo. Kwa munthu wazaka zopitirira malire amenewa, njira yodalirika ndi ndalama za pulojekiti ya supavaiza. Ndipo sikolashipu yambiri imalipira fizi ndi pogona, osati mabotolo, labotale, basi ya ku Blantyre kapena othandiza kumunda. Bajeti ya kumunda ikhale payokha.

Chilolezo cha ethics, chotsimikiza kuti kafukufukuyo savulaza anthu, mudzafuna mbali zonse ziwiri. Ku Wits kuli makomiti awiri, ya Medical ndi ya Non-Medical, ndipo kafukufuku wokhudza odwala kapena mabuku a chipatala amapita ku ya Medical ngakhale inu mutalembetsa ku Humanities. Ku Malawi za umoyo zimadutsa ku komiti ya NHSRC ya unduna wa zaumoyo kapena ya COMREC ya ku KUHeS, za chikhalidwe ku komiti ya pansi pa bungwe la boma la sayansi la NCST, kenako kalata ya khonsolo ndi ofesi ya zaumoyo ya boma, kenako kukaonekera kwa mafumu a m'deralo. Simuyenera kutolera kanthu kalikonse chilolezo chisanatuluke, ndipo zimene mwatolera kale komiti singazidalitse pambuyo. Kuopsa kwake ndi nyengo. Mvula kwathu ndi Novembala mpaka Epulo. Mukalembetsa mu Febuluwale, proposal n'kuvomerezedwa cha mu Julayi kapena Ogasiti, makomiti awiri aja akabweza mafomu anu kamodzi kapena kawiri, dzinja likhoza kukudutsani, ndipo madzi a mu Juni sanena za madzi a mu Januwale. Werengerani chobwerera kuchokera pa mwezi umene mukufuna kukhala kumunda. Fomu yopempha chilolezo cha munthu ikhale m'Chichewa, ndi m'Chiyao ngati n'kofunika, yomasuliridwa kale popereka ku komiti. Mukafufuza pakati pa anzathu a kuno, ena alibe mapepala. Musalembe mayina awo kapena manambala a nyumba pa fomu ya mayankho, ndipo lamulo la kuno la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, likukhudzani pa kasungidwe ka zonse mwatolera.

Polemba, kumbukirani wochonga wochokera kunja kwa yunivesite amene sakukudziwani. Wa manambala adzayang'ana mmene munasankhira mabanja, wa za chikhalidwe adzayang'ana ngati mawu a anthu mwawasanthula kapena mwangowamata kuti akometse tebulo. Njira iliyonse ilembedwe mokhutiritsa eni ake, ndipo pakhale mutu umodzi umene mukuonetsa chimene mbali ziwirizo zikunena pamodzi, kuphatikizapo pamene zikutsutsana. Banja likanena kuti limathira mankhwala m'madzi koma m'ndowa mulibe klorini, chimenecho ndiye chopeza chanu, musachibise. Kambiranani ndi supavaiza mtundu wa ochonga oyenera miyezi ingapo musanapereke. Posindikiza, onani kuti jenalayo ili pa mndandanda wovomerezeka wa DHET, unduna wa maphunziro apamwamba wa kuno. Amene amakutumizirani imelo yolonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira, athaweni.

Za ntchito, wolemba anthu ku bungwe kapena ku unduna safunsa kuti munasakaniza maphunziro angati. Amafunsa ngati mungakonze kafukufuku wa mabanja, kusanthula manambala m'mapulogalamu a pakompyuta a R kapena Stata, kujambula mapu mu QGIS, kapena kuyendetsa pulogalamu yoyeza madzi. Amene amavutika ndi amene anatuluka ndi mawu ambiri a chitukuko opanda luso limodzi logwirika, ndipo ndi amene anzanu aja anawaona. Ngati ndalama za kumunda zakanika, funsolo likhoza kusinthidwa kuti ligwiritse ntchito zimene zinatoleredwa kale. Kafukufuku wa mabanja wa IHS5 wa 2019/20 amene NSO inachita ali pa laibulale ya World Bank pa intaneti, Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16 ili ndi mafunso a madzi, zimbudzi ndi kutsekula m'mimba kwa ana, ndipo za kuno zambiri zimapezeka ku DataFirst ya University of Cape Town. Kulembetsa n'kwaulere. Tsitsani imodzi sabata ino, muwerenge fomu ya mafunso ake, muone ngati zimene mukufuna kudziwa zinafunsidwa musanalembere pulofesa aliyense.